Saluni Yomera Mano ku Mtendere

Atate anga anaphikira azungu ku Kabulonga zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi zinthu ziwiri: msana wopweteka ndi Chingerezi. Msanawo ankaubisa. Chingerezicho ankachiyanika poyera, makamaka pakhomo pakafika alendo. Makolo awo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, atatewo anakulira mu Lusaka momwemu, koma Chichewa chawo chinakhalabe cha kumudzi. Munthu yemweyo amene ankatikalipira tikalankhula Chinyanja cha m'misewu ankatha kutembenuka n'kukuponyera mawu a Chingerezi oti ngakhale aphunzitsi athu sankawadziwa.

Mwa mawu onsewo, amene anandikhala pamtima ndi akuti "teething problems". Pa ine sanawanenepo ngakhale tsiku limodzi. Anali mawu a mng'ono wanga, ndipo ndinachita nawo nsanje kuposa mmene ndinachitira ndi nsapato zake kapena sukulu yake.

Nyumba ya atate ku Mtendere ili m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Kutsogolo kwake kuli kachipinda koyang'ana kumsewu, mmene amayi ankagulitsiramo sopo, shuga ndi mabanzi. Amayi atamwalira, atate anakhoma loko pachitseko n'kuika kiyi m'thumba la jekete yawo ya ku tchalitchi. Ine ndinali wamkulu, mng'ono wanga anali asanayambe n'komwe sukulu, ndiye kumulera kunagwera ine. Ndinkamusambitsa, kumuluka tsitsi, kumuperekeza kusukulu atagwira chala changa. Sukulu yangayo inathera panjira, koma nthawi imeneyo palibe amene anaona kuti imeneyo ndi nkhani.

Nditakwatiwa tinapeza chipinda chimodzi cha lendi ku Kalingalinga. Ndinaphunzira kusoka kwa mayi wina wa kumpingo, kenako ndinapeza makina akale opalasa ndi mapazi. M'chipinda mwathu munalibe poika, choncho makinawo anakhala kwa atate, pakhonde la m'mbali mwa nyumba, moyang'anizana ndi mpanda wa aneba. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kuchokera ku Kalingalinga kudzasoka pamenepo. Ntchito ndinkaidziwa, koma pakhondepo sindinkaoneka. Munthu wodutsa mumsewu sakanadziwa kuti kuseri kuno kuli telala, pokhapokha mphepo itamubweretsera phokoso la makina. Chimene ndinkafuna pa moyo wanga wonse chinali kachipinda ka amayi kaja, kuti ndipachike madiresi pazenera anthu aziona.

Ndinapempha. Atate anandikumbutsa za yunifolomu ya mwana wa aneba imene ndinasoka ndikungoyamba kumene, mkono wina wautali wina waufupi. Panali patapita nthawi yaitali chichitikire zimenezo, mwanayo anali atamera ndevu, koma atate anali asanaiwale.

"Manja ako ndi olemera, mayi," anatero. "Kumsewu kumafuna munthu wochangamuka. Uyambe waphunzirira kuseriko."

Ndinaphunzirira kuseriko mpaka mng'ono wanga anamaliza sukulu, n'kukachita kosi ya zokonza tsitsi m'tauni, n'kubwera ndi satifiketi ya m'feremu. Sanapemphe n'komwe kawiri. Tsiku lina ndikufika m'mawa ndinapeza chitseko cha kachipinda kaja chili pululu, mnyamata wopenta akulemba dzina la saluni pakhoma ndi utoto wa pinki. Ndinaima pageti mtima ukuwawa. Atate anaona nkhope yanga ndipo anandiitanira pambali.

"Usakwiye. Timuyese. Saluniyi ikapanda kukhazikika pofika mvula, chipinda ndi chako."

Tinali mu nyengo yozizira. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'ana kumwamba ngati mlimi.

Sabata yoyamba yomweyo draya youmitsira tsitsi inapsa. Malaiti anali atazima kuyambira m'mawa monga mwa masiku onse, mng'ono wanga anaiwala kuzula pulagi, ndipo pamene malaitiwo anabwera anabwera ndi mphamvu. Fungo la waya wopsa linafika mpaka pakhonde panga. Ndinasiya kupalasa makina n'kutchera khutu kuti ndimve atate akunena za manja olemera. Iwo anatuluka ndi mpando wawo, anainunkhiza draya ija, n'kugwedeza mutu mwachifundo.

"Teething problems," anatero.

Ndinafunsa kuti ndiye chiyaninso chimenecho. Atate ankakonda kufunsidwa. Anakhala pansi, n'kupinda mwendo, n'kufotokoza kuti anawamva kwa dona wina amene ankamuphikira kale. Donayo atagula chitofu chatsopano, keke yoyamba inapserera pansi, yachiwiri inakhala yaiwisi pakati. Atate anali ndi mantha kuti ntchito yatha. Koma dona uja anangoseka n'kunena mawu amenewa. Azungu, anatero atate, amafanizira chinthu chatsopano ndi khanda limene likumera mano. Limalira, limatentha thupi, silikugonetsa, koma si matenda. Mano akatuluka, zonse zimatha zokha. Ndiye galimoto yatsopano ikavuta, ofesi yatsopano ikasokonezeka, sanena kuti chinthucho n'choipa. Amati ndi mavuto a poyamba, ongodutsa.

"Nanga yunifolomu ija?" ndinafunsa. "Sinali yoyamba?"

"Ija inali nsalu ya eni ake," anatero atate, n'kunyamula mpando wawo kubwerera m'nyumba.

Mawu aja anakhazikika pakhomo pathu. Madzi otsukira tsitsi atayenderera kulowa m'bwalo la aneba n'kuyambitsa mkangano, anali teething problems. Mtsikana wina atabwera kudzadandaula kuti zoluka zake zamasuka asanafike n'komwe ku ukwati, anali teething problems. Mng'ono wanga akatsegula dzuwa litakwera chifukwa anagona mochedwa, atate ankauza makasitomala oima pakhomo mawu omwewo, ndipo iwo ankamwetulira poopa kuoneka ngati sadziwa Chingerezi. Atate anafika powagwiritsa ntchito ponena za mbusa watsopano amene ankalalikira mpaka anthu kumva njala, ndi za mpope watsopano wa madzi umene unkangotulutsa mpweya. Ana a aneba anawatola n'kumawaimba posewera. Mng'ono wanga yemwe anawaphunzira msanga kuposa mmene anaphunzirira kuzula pulagi.

"Ba sisi, imwe simungamvese," ankatero akandipeza ndikumuyang'ana. "Bizinesi ya manje manje ni so. Ni ma teething problems chabe."

Ndili pakhonde paja ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, ndipo ndinaona chinthu chimodzi chimene atate sanachifotokoze. Mawu amenewa sanena za kukula kwa vuto. Draya yopsa ndi vuto lalikulu kuposa mkono wa yunifolomu. Munthu amawanena pa chinthu chimene watsimikiza kale mumtima kuti achisunga zivute zitani. Mng'ono wanga akalakwa, atate ankaona mawa lake. Ine ndikalakwa, ankaona mmene ndinabadwira. Nsanje yanga inali pamenepo. Ndinkalakalaka wina atayang'ana cholakwa changa n'kunena kuti musadandaule, akukula.

Sindibisa, ndinkasangalala kasitomala akatuluka atakwinya nkhope. Ndinkapalasa makina anga mopepuka tsiku limenelo. M'maganizo mwanga ndinali nditafufuta kale pinki uja n'kupaka utoto wobiriwira, ndipo ndinali nditasankha pokhomera msomali wa galasi loyesera zovala.

Kutentha kutafika pachimake, mitambo itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, kunabwera kasitomala wamkulu. Anali mayi amene ankatsogolera amayi onse a kumpingo kwathu, amene tonse tinkangowatcha ba cheyaledi. Mwana wawo wamkazi anali ndi kicheni pate Loweruka lotsatira, phwando lija limene amayi okhaokha amasonkhana kulangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya. Mayi wa mkwatibwi amayang'anidwa ndi aliyense tsiku limenelo, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Akanatha kupita ku saluni za m'tauni, koma anabwera kwathu chifukwa atate anawapempha pambuyo pa mapemphero kuti alimbikitse mwana wa mumpingo. Tonse tinkadziwa kuti kumene ba cheyaledi apereka mutu wawo, amayi ena onse amatsatira.

Mng'ono wanga anawapaka mankhwala owongolera tsitsi, aja oyera amene amafunika kutsukidwa msanga asanayambe kudya khungu. Atangomaliza kupaka, foni yake inalira. Anali mnyamata wake, ndipo anali atayambana. Anatuluka n'kukaima kugeti, dzanja lina pakhutu, lina likuloza m'mwamba ngati mnyamatayo akumuona. Kuchokera pakhonde panga ndinkaona mkati mwa saluni kudzera pazenera la m'mbali. Ba cheyaledi anali atakhala chiwongokere, atatseka maso, akufinya chikwama chawo pamiyendo.

"Iwe, kasitomala wako," ndinamuitana.

"Nabwela, ba sisi, nikali pa foni."

Ndinamuitananso, iye anangondikupizira dzanja. Ndinadzuka ndekha kukafunsa ba cheyaledi ngati ali bwino. Anayankha mano ali chilumire kuti ali bwino, mankhwala akugwira ntchito. Amayi a msinkhu wawo anakula akuuzidwa kuti mankhwala a tsitsi akamawawa ndiye kuti ndi enieni, ndipo mayi waulemu wake salira pamaso pa ana. Anapirira mpaka misozi inatsika yokha. Pamene mng'ono wanga ankabwera kudzawatsuka, tsitsi la kutsogolo linatsatira madzi kulowa m'beseni, ndipo pamphumi panatsala zilonda. Ba cheyaledi sanakalipe. Anamanga chitambala kumutu, n'kutuluka osatsanzika.

Atate anali kumaliro tsiku limenelo. Atabwera, mng'ono wanga anawauza akulira kuti mankhwalawo anali a mtundu watsopano, amphamvu kwambiri. Za foni sanatchule. Atate anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja, koma ulendo uno anawameza. Kenako anatembenukira kwa ine.

Kwathu mwana akalakwira munthu wamkulu sapita yekha kukapepesa. Kutero kuli ngati kukayesana naye msinkhu. Bambonso salowa pa nkhani ya mutu wa mkazi wa mwini. Amapita ndi mayi ake a wolakwayo, atanyamula kanthu m'manja, n'kukagwada. Pakhomo pathu mayi panalibe.

"Mawa upite ndiwe," anatero atate. "Ugule nkhuku yachikuda. Ukalankhule ngati amako."

Ndinayenda ulendo umenewo nkhuku ili m'khwapa, ndili ndi chisangalalo chimene ndinkachita nacho manyazi pang'ono chabe. Sindinkafunika kunama. Ndikanangonena zimene ndinaona ndi maso anga, kuti mwanayo anasiya mutu wa munthu wamkulu uli ndi mankhwala n'kukakangana ndi chibwenzi kugeti. Zoona zokhazokha. Amayi a kumpingo akanamva zimenezo, saluniyo sikanafika Khirisimasi. Kumadzulo kwa Lusaka kunali kutada bii ndi mitambo.

Ndinapeza bwalo la ba cheyaledi lodzaza. Amayi a komiti ya phwando anali pa mbaula, ena akusenda mbatata, ena akukazinga nkhuku, ena akuyeserera nyimbo. Nditalowa, phokoso linatsika. Mwini nyumba anali pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, chitambala chili chotsika mpaka pansidze. Ndinamanga bwino chitenje changa, ndinagwada pafumbi, n'kuika nkhuku patsogolo pawo, n'kuomba m'manja. Ndinapereka moni wa atate, n'kunena kuti tabwera kudzagwira mwendo.

Anandisiya chigwadire kwa kanthawi. Kenako anati, "Namvela. Manje kambani chilungamo, imwe ndimwe bakulu. Uja mwana aziba nchito olo saziba? Chifukwa aba bonse bafuna kuziba kwamene bazapeleka mitu yao."

Khomo linali litatseguka lokha. Mawu ndinali nawo kale pakamwa, ndinali nditawakonza njira yonse. Ndikukoka mpweya kuti ndiyambe, mayi wina amene anali pa mbaula, wosatembenuka n'komwe, analankhula ngati akuuza mafuta a m'chiwaya.

"Bana bokula kulibe mai ni so. Kulibe wamene anamupunzisa nkhalo."

Ena anavomereza ndi m'mphuno. Mwana ameneyo ndinamusambitsa ndine m'beseni losweka. Ndinamuphunzitsa ndine kulandira chinthu ndi manja awiri. Ndinasiya sukulu kuti asaoneke wamasiye pamsewu, ndiye lero munthu wokazinga nkhuku za eni anene kuti palibe amene anamulera n'kumuphunzitsa khalidwe? Ndikanena za foni ija, ndiye kuti ndavomera kuti mayiyo wanena zoona, pamaso pa mpingo wonse, ine ndili chogwada.

"Ba cheyaledi," ndinatero, ndi mkwiyo umene iwo anauyesa chisoni, "uja mwana ninamulela ndine, ndipo nkhalo ali nayo. Nchito aiziba. Vamene vinachitika ni ma teething problems."

Ndinaona kuti ena sanamve, ndiye ndinapitiriza. Za chitofu cha dona sindinanene. Ndinalankhula zimene mayi aliyense pabwalopo ankazidziwa ndi thupi lake. Ndinati saluniyo ndi khanda, ili pa msinkhu womera mano. Ndinawafunsa ngati panali mmodzi yemwe mwana wake sanamulumepo bere pa msinkhu umenewo, mpaka magazi. Ndinafunsa ngati analipo amene anamuchotsa kubere tsiku lomwelo n'kukamupereka kwa aneba. Ndinati mwana wathu waluma, ndipo waluma munthu amene sanayenere kulumidwa, n'chifukwa chake ndili pansi pano.

Mayi wina wachikulire anayamba kuseka, akugwira pachifuwa pake, nati wake woyamba anatsala pang'ono kumudula. Wina anawonjezera zake. Posakhalitsa bwalo lonse linali pa nkhani ya ana oluma. Ba cheyaledi anayesa kuumitsa nkhope koma inawakanika.

"Imwe mukamba monga bamai banu," anatero. "Nyamukani, mwadesa chitenge. Muuzeni abwele mailo na wigi yabwino, anikonze yeka. Nizaona ngati mano yamela."

Ndinatuluka pageti lawo. Ndinkadziwa bwino chimene ndachita. Palibe anandikakamiza, palibe anandinamiza, chipinda chija ndinachipereka ndi pakamwa panga. Madontho oyamba a mvula anandipeza panjira, akuluakulu, akununkhiza fumbi, ndipo ndinayenda osathamanga.

Mawa lake mng'ono wanga anagwira ntchito ya wigi ija ngati moyo wake uli pomwepo, ndipo ndivomere, anaikonza bwino. Foni anaitsekera m'kabati. Pa kicheni pate ba cheyaledi anavina wigi ili gwa, amayi n'kumafunsana kuti yakonzedwa kuti. Iwo eni anafotokozera aliyense nkhani ya khanda loluma, n'kumatchula Chingerezi chija monyadira ngati anabadwa nacho. Sabata yotsatira pakhomo pa saluni panali mzere. Ngakhale mayi wa pa mbaula uja anabwera kudzalukitsa.

Atate anasangalala kwambiri. Ankauza aliyense kuti iwo ananena kuyambira pachiyambi kuti ndi mavuto ongodutsa, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ananena zoona. Saluniyo inakhazikika. Ilipo mpaka lero, ili ndi atsikana olembedwa ntchito ndi jenereta yakeyake. Mng'ono wanga anandigulira chitenje chokongola pothokoza, ndipo sanafunse kuti ndinakanena chiyani. Ndimamukonda, ndipo ndikadutsa pamenepo n'kuona dzina lake pakhoma mtima umandipotokolabe. Ziwirizi zimakhala mwa ine popanda kukangana.

Za lonjezo lija palibe anazitchulanso. Panalibenso chotchula. Ndinapitiriza kusoka pakhonde langa, nditakhoma pulasitiki kuti mpemera usanyowetse nsalu za anthu. Mvula itakhazikika, tsiku lina m'mawa ndinapeza atate akundidikira pafupi ndi makina anga, atavala jekete ngati akupita kumsonkhano. Mng'ono wanga anali kumbuyo kwawo akuyang'ana zikhadabo zake.

Atate anayamba ndi kundiyamika, zimene sankachita kawirikawiri. Anati ndinagwira ntchito ya umayi, ndipo amayi akanakhalapo akananyadira. Kenako anati makasitomala achuluka, m'kachipinda muja sakukwanamo, ndipo si bwino kuti amayi a kumpingo aziima pamvula podikira. Anaganiza zoboola khoma la m'mbali n'kutseka khondeli kuti likhale podikirira, aikemo benchi ndi wailesi yakanema.

"Ni temporale chabe, ba sisi," anatero mng'ono wanga osandiyang'ana. "Mpaka tikapeze malo yakulu."

"Iwe uli ndi pakhomo pako," anawonjezera atate mofatsa. "Makina ukhoza kusokera kumeneko."

Sindinakangane nawo. Ndinapita kumsika kukaitana bambo wa wilibala. Tinamasula mutu wa makina n'kuukulunga m'chitenje, miyendo yake yachitsulo tinaimangirira ndi chingwe, nsalu za makasitomala ndinazisenza pamutu m'thumba la pulasitiki. Ndinkaganiza za chipinda chathu cha ku Kalingalinga, za kampata ka pakati pa bedi ndi chitseko, ndi za mwininyumba amene sankafuna phokoso. Sindinkadziwa ngati makasitomala anga ochepawo adzanditsatira kuwoloka matope onsewo.

Atate anatiperekeza mpaka kugeti, limene linali litangopakidwa utoto wa pinki ngati wa saluni. Pamenepo ndinachedwa dala, ndikukonzakonza katundu pamutu. Ndinali kuyamba malo atsopano, ndi mavuto ake onse a poyamba ali poyera, ndipo munthu wodziwa dzina la mavuto oterowo anali ataima pambali panga. Ndinadikira. Atate anayang'ana wilibala, anayang'ana ine, n'kutambasula dzanja kukankha geti kuti litseguke bwino.

"Mudutse mosamala," anatero. "Penti sinaume."